Ana Athu Akaweruka Kusukulu Amapita Kuti? Phunziro la Makalabu a Achinyamata

Cholinga cha phunziroli

Phunziro lino talikonzera makomiti a makalabu a achinyamata, makolo, aphunzitsi, mafumu ndi atsogoleri a mipingo. Mungathe kuliwerenga panokha, koma likhoza kupindula kwambiri mutaliwerenga pagulu ndi kukambirana mafunso amene ali kumapeto. Tikufuna tione zimene kalabu ingachite ndi ana komanso achinyamata m'maola a masana akaweruka kusukulu, ndi mmene zimenezi zimawatetezera ku kachilombo ka HIV.

Maola anayi amene timawaiwala

Pofika 2 koloko masana ana ambiri a kupulayimale amakhala ataweruka. Dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko. Apa pali maola anayi tsiku lililonse, kutanthauza maola 20 pa sabata. Nthawi imeneyi makolo ambiri amakhala ali kudimba, kumsika, kuganyu kapena kuntchito. Aphunzitsi nawo amakhala atapita kwawo.

Ife alangizi a zaumoyo timayenda m'midzi masana, ndipo timaona kumene ana amathera nthawi imeneyi. Ena amakhala m'zisakasa zoonetsera mavidiyo, momwe nthawi zina mumaonetsedwa zithunzi zolaula. Ena amazungulira pamalo omwera mowa ndi potchovera juga. Atsikana ena amatumidwa kukagulitsa mandasi, nthochi kapena mtedza pasiteji mpaka mdima, ndipo kumeneko n'kumene zidyamakanda zimawapeza. Mwamuna wamkulu amagula mandasi onse lero, mawa amapereka ndalama ya sopo, mkuja wayamba kuitanira mwanayo kunyumba yogona alendo.

Sitikunena kuti ana athu ndi oipa. Mwana aliyense amafuna anzake, amafuna chosangalatsa, ndiponso amafuna munthu womumvetsera. Ngati sitimukonzera malo abwino opezera zimenezi, akazifuna kwina.

Kafukufuku wa dziko lonse amene adachitika m'zaka za 2020 ndi 2021 adapeza kuti pafupifupi anthu 9 mwa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo ali ndi kachilombo ka HIV m'Malawi muno, ndipo amayi ndiwo ambiri kuposa abambo. Kusiyana kumeneku kumayamba msanga, atsikana akadali pamsinkhu wa sukulu. N'chifukwa chake nkhani ya maola a masana ndi nkhani ya Edzi.

Kukhalabe pasukulu kumateteza

Ntchito yaikulu ya kalabu ya masana ndi kuthandiza mwana kuti asasiye sukulu. Pali umboni woti zimenezi zimateteza.

M'boma la Zomba mudachitika kafukufuku amene zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2012. Atsikana ena a zaka 13 mpaka 22 amene adali pasukulu ankalandira kandalama mwezi ndi mwezi pamodzi ndi makolo awo, pamene ena sankalandira. Patatha miyezi 18, mwa atsikana 1,000 alionse olandira ndalama, 12 ndiwo adapezeka ndi kachilombo. Mwa osalandira adapezeka 30. Atsikana olandira thandizowo sankachita zibwenzi kwambiri ndi amuna akuluakulu.

Ku Botswana nakonso, kafukufuku wa mu 2015 adaonetsa kuti chaka chimodzi choonjezera cha sukulu ya sekondale chidachepetsa chiopsezo chotenga kachilombo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Kalabu ya m'mudzi siingathe kugawa ndalama. Koma ingathe kulimbana ndi zinthu zina zimene zimachotsa ana kusukulu. Maphunziro a pulayimale akhala aulere kuyambira mu 1994, komabe ana ambiri safika Sitandade 8. Ena amabwereza kalasi kawiri kapena katatu mpaka kugwa ulesi. Ena amavutika akafika Sitandade 5, pamene maphunziro ayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi. Atsikana ena amajomba akakhala kumwezi chifukwa chosowa zovalira. Ena amatenga pakati. Pa zonsezi, kalabu ili ndi chimene ingachite.

N'chifukwa chiyani makalabu ambiri amafa?

Makalabu a achinyamata si achilendo kwathu kuno. Makolo ena amene akuwerenga phunziroli adali mamembala a Edzi Toto ali pasukulu. Komabe tonse tikudziwa makalabu amene adayamba ndi anthu ambiri n'kutha patangopita miyezi itatu. Zifukwa zimene timaziona kawirikawiri ndi izi:

1. Kalabu imangokhala yolalikira. Tsiku lililonse wamkulu amaima kutsogolo n'kumanena za kudziletsa ndi kuopsa kwa Edzi. Ana angotuluka kumene m'kalasi momwe akhala akumvetsera kuyambira m'mawa. Sangapirire kalasi ina.
2. Kalabu imayamba chifukwa cha bungwe limene labweretsa mipira, malaya ndi zakumwa. Bungwelo likachoka, kalabu imathera pomwepo. Mu 2025 thandizo lochokera ku dziko la America lidachepa ndipo ntchito zina zokhudza achinyamata zidaima. Ili ndi phunziro kwa tonsefe kuti kalabu iziimirira ndi miyendo ya mudzi.
3. Akuluakulu ndiwo amalamula zonse. Achinyamata safunsidwa chimene akufuna.
4. Nthawi yokumana siidziwika bwino. Lero mtsogoleri wabwera, mawa sadabwere.
5. Makolo sadziwa chimene chimachitika kumeneko, choncho amaletsa ana awo, makamaka atsikana.
6. Ndalama za kalabu sizilembedwa, ndipo mapeto ake ndi kukayikirana.

Zinthu zinayi zimene kalabu yabwino imapereka

*Choyamba: thandizo pa maphunziro.* Ola loyamba likhale la mabuku. M'nyumba zambiri mulibe magetsi, ndipo mwana akadikira usiku sangawerenge. Ophunzira a kusekondale athandize a kupulayimale. Wa Fomu 3 angathe kuphunzitsa masamu a Sitandade 6, ndipo potero iye mwini amakumbukira zimene adaphunzira. Pemphani aphunzitsi aakulu kuti akubwerekeni chipinda chimodzi ndi mapepala a mayeso akale a Sitandade 8 ndi a Fomu 4. Ana aang'ono aziwerengerana mokweza nkhani za m'Chichewa, awiriawiri. Mwana amene wayamba kukhoza m'kalasi safuna kusiya sukulu.

*Chachiwiri: masewera ndi magule.* Mpira wamiyendo ndi wa ntchemberembaye ndiwo amakoka ambiri, koma musaiwale bawo, phada, fulaye, kwaya, zisudzo ndi magule a kwanuko monga chimtali, beni, mganda kapena malipenga. Mpira wa chikulunga ukwanira poyambira. Masewera amaphunzitsa kusunga nthawi, kumvera malamulo ndi kuvomereza kugonja popanda ndewu. Amathandizanso kuyambitsa nkhani zovuta. Bungwe la Grassroot Soccer, lomwe lidayambira ntchito yake ku Zimbabwe mu 2002, limaphunzitsa za HIV kudzera mumpira. Nafenso tingatero. Mwachitsanzo, ikani miyala kapena mabotolo pabwalo n'kutchula chilichonse dzina: mowa, chibwenzi chachikulu msinkhu, kugonana popanda kondomu. Wosewera adutse ndi mpira osagunda. Kenako ayesenso ali ndi mipira iwiri nthawi imodzi. Akatha, funsani gulu chimene laona pa nkhani ya kukhala ndi zibwenzi zingapo.

*Chachitatu: luso la manja.* Umphawi ndiwo umakankhira ana ambiri m'manja mwa zidyamakanda. Pafupifupi m'mudzi uliwonse muli telala, kalipentala, wokonza njinga kapena mlimi wodziwa za dimba. Apempheni kuti apereke ola limodzi pa sabata. Kusoka zovalira za kumwezi zochapa n'kugwiritsanso ntchito ndi luso losavuta, ndipo limathandiza atsikana kuti asajombe. Dimba la kalabu la mpiru, tomato ndi anyezi limabweretsa ndalama zogulira mpira ndi makope. Koma tichenjere: kalabu si malo ogwiritsa ana ntchito. Ntchitoyo ikhale yoyenera msinkhu wawo, ndipo phindu lake lilembedwe poyera.

*Chachinayi: munthu wamkulu womvetsera.* Kamodzi pa sabata pakhale nthawi yokambirana. Gawani ana potengera misinkhu: a zaka 10 mpaka 14 paokha, a zaka 15 mpaka 19 paokha. Pa nkhani zina, monga kutha msinkhu, anyamata ndi atsikana ayambe akambirana padera, kenako akumane. Ikani katoni yoboola pamwamba kuti aliyense aponyemo funso osalemba dzina. Mudzadabwa ndi mafunso amene amatulukamo. Ana amafunsa ngati mtsikana angatenge pakati pogonana koyamba, ngati kusamba akatha kugonana kumachotsa kachilombo, ndiponso ngati mnyamata amadwala akapanda kugonana. Mayankho ake ndi awa: inde angatenge pakati, kusamba sikuchotsa kachilombo, ndipo palibe amene amadwala chifukwa chodziletsa. Ngati funso lakukanikani, musapeke yankho. Lisungeni ndipo muitane mlangizi wa zaumoyo kapena namwino sabata yotsatira.

Chitsanzo cha ndondomeko ya sabata

Sikofunika kukumana tsiku lililonse. Masiku atatu osaphonya amaposa masiku asanu ongoyerekeza.

Lolemba: 2:30 mpaka 3:30, mabuku. 3:30 mpaka 5:00, masewera.

Lachitatu: 2:30 mpaka 3:30, mabuku. 3:30 mpaka 5:00, luso la manja ndi dimba.

Lachisanu: 2:30 mpaka 3:30, kukambirana ndi kuyankha mafunso a m'katoni. 3:30 mpaka 5:00, zisudzo, kwaya ndi magule.

Muzimaliza 5 koloko kuti aliyense akafike kwawo kusanade. M'miyezi ya Juni ndi Julaye dzuwa limalowa msanga, choncho muziweruka msangako. M'nyengo ya dzinja ana amafunika kumunda ndipo m'mabanja ambiri chakudya chimachepa. Kambiranani ndi makolo. Mwina m'miyezi imeneyi muzikumana masiku awiri okha. Ngati mudzi ungasonkhe chimanga ndi soya pa nthawi yokolola, phala la masana limathandiza ana amene abwera osadya.

Achinyamata amene ali ndi kachilombo

Tisaganize kuti pa kalabu timalankhula ndi ana amene alibe kachilombo okhaokha. Boma lidayamba kupereka mankhwala a ma ARV kwaulere mu 2004, ndipo ana ambiri amene adabadwa ndi kachilombo akula, ali m'sukulu zathu ndi m'makalabu athu. Mtsogoleri akanena kuti Edzi imagwira anthu achiwerewere, mwana amene adabadwa nako amabwerera kwawo ndi mtima wosweka, ndipo ena amasiya kumwa mankhwala poopa kuonedwa.

Mawu athu akhale oona ndi olimbikitsa. Munthu womwa mankhwala mwandondomeko amakhala ndi moyo wautali, amaphunzira, amakwatira kapena kukwatiwa, ndipo amabereka ana opanda kachilombo. Tizilombo tikachepa m'magazi mpaka kusaoneka poyeza, sapatsira mnzake kudzera m'kugonana. Kachilombo sikafala posewera mpira limodzi, podyera mbale imodzi kapena pogwirana chanza.

Mwana akakuululirani kuti ali ndi kachilombo, chimenecho ndi chinsinsi. Musauze komiti, aphunzitsi kapena ana ena. Lamulo la HIV ndi Edzi la mu 2018 limaletsa kusala munthu ndiponso kuulula za mthupi mwake iye asanavomere.

M'zipatala zambiri muli magulu otchedwa Teen Club, a achinyamata a zaka 10 mpaka 19 amene ali ndi kachilombo ndipo akudziwa za mthupi mwawo. Maguluwa adayambira pa chipatala cha ana cha Baylor ku Lilongwe, chomwe chidatsegulidwa mu 2006. Amakumana Loweruka kuti ana asajombe kusukulu. Kumeneko amalandira mankhwala, amaonana ndi achipatala, amasewera ndi kulimbikitsana. Kafukufuku wa pa chipatala chachikulu cha Zomba, yemwe adasindikizidwa mu 2017, adapeza kuti achinyamata a mu Teen Club sankasiya chithandizo kawirikawiri poyerekeza ndi anzawo amene sadalowemo. Kalabu ya m'mudzi siilowa m'malo mwa Teen Club. Mwana angathe kukhala m'magulu onse awiri. Chofunika n'chakuti mtsogoleri adziwe chipatala chapafupi chimene chili ndi gululi.

Kumbukiraninso kuti wachinyamata wa zaka 13 kupita m'tsogolo ali ndi ufulu wokayezetsa magazi payekha. Kuyambira mu 2016, aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala osadikira kuti adwale.

Kalabu ikhale malo otetezeka

Tinene mosabisa. Malo amene pasonkhana ana amakopanso anthu a zolinga zoipa. Nthawi zina wogwirira ana amakhala yemweyo amene tamukhulupirira kuti awayang'anire. Choncho kalabu iliyonse ilembe malamulo awa, iwawerenge pamaso pa makolo ndi amfumu, ndipo mtsogoleri aliyense asayinire:

1. Pa msonkhano uliwonse pakhale akuluakulu awiri, wamwamuna ndi wamkazi.
2. Wamkulu asakhale yekha ndi mwana m'chipinda chotseka. Ngati mwana akufuna kulankhula zachinsinsi, akhale pamalo pooneka koma posamveka.
3. Mtsogoleri asachite chibwenzi ndi membala wa kalabu. Wopezeka akutero achotsedwe, ndipo ngati membalayo ndi mwana, nkhaniyo ipite kupolisi.
4. Kumenya, kutukwana ndi kunyazitsa ana n'koletsedwa.
5. Pakhale buku la mayina. Mwana akajomba kawiri motsatizana, wina akamuyendere kwawo.
6. Maulendo okasewera kumidzi ina achitike makolo atavomereza, ndipo ana abwerere tsiku lomwelo.

Mwana akaulula kuti wagwiriridwa, mukhulupirireni ndipo musamudzudzule. Pitani naye kuchipatala msanga, osadikira kuti nkhani ikambidwe kaye kwa amfumu. Pali mankhwala otchedwa PEP amene amateteza ku kachilombo, koma ayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, ndipo amamwedwa masiku 28. Kuchipatala amaperekanso mankhwala oteteza kutenga pakati. Kenako kanenani kupolisi ku ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, kapena kwa woteteza ana wa m'dera lanu. Nambala ya 116 ndi yaulere ndipo ana angathe kuimba okha. Kugwirira mwana ndi mlandu wa kukhoti. Suthera pa kulipira mbuzi kapena nkhuku.

Atsikana asatsalire

Mukaona buku la mayina m'makalabu ambiri, anyamata ndiwo amachuluka. Mtsikana akaweruka amayembekezeka kutunga madzi, kutola nkhuni, kuphika ndi kulera ana, pamene mlongo wake ali kumpira. Makolo, tiyeni tigawe ntchito zapakhomo mofanana. Mnyamata akatunga madzi sasanduka mkazi.

Itanani amayi a gulu loyang'anira atsikana pasukulu kuti azibwera ku kalabu mosinthana. Makolo akaona mayi amene amamudziwa, mtima umakhala m'malo. Bwalo nalo ligawidwe mwachilungamo kuti anyamata asalande nthawi yonse.

Mtsikana amene wabereka asatsekeredwe kunja. Kuyambira mu 1993 boma limalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka, koma ambiri sabwerera chifukwa cha manyazi ndiponso chifukwa chotsalira m'maphunziro. Kalabu ingakhale poyambira pake: abwere ndi mwana wake, akumbutsidwe maphunziro, ndipo anzake amuperekeze tsiku lobwerera. Ngati mwamva kuti membala akukonzedwera ukwati, dziwani kuti malamulo aakulu a dziko lino adasinthidwa mu 2017, ndipo ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi woletsedwa ngakhale makolo atavomereza.

Tisaiwalenso ana olumala, ana achialubino ndi ana amasiye amene akulera anzawo. Awa sabwera okha. Tiyenera kukawatenga.

Tiyambe bwanji?

Yambani ndi kufunsa achinyamata eni ake chimene akufuna ndi masiku amene angathe kubwera. Kenako pitani kwa amfumu kuti aitanitse msonkhano wa makolo. Pezani malo: kalasi, tchalitchi, mzikiti kapena pansi pa mtengo wa mango. Achinyamata asankhe okha wapampando, mlembi ndi msungichuma, ndipo m'komitimo mukhale anyamata ndi atsikana mofanana. Akuluakulu akhale alangizi chabe. Lembani malamulo a kalabu ndi kukalembetsa ku ofesi yoona za achinyamata ya m'boma lanu, kuti muzimva za maphunziro ndi mipikisano. Dziwanani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ndipo funsani kuchipatala tsiku ndi malo amene amathandizira achinyamata mwapadera.

Pakatha miyezi itatu iliyonse khalani pansi ndi buku la mayina. Onani kuti ndi angati akubwerabe, atsikana ndi angati, ndani wasiya sukulu ndipo ndani wabwerera. Mayankho a mafunso amenewa ndiwo adzakuuzeni ngati kalabu ikugwira ntchito.

Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ola limodzi pa sabata limene telala, mphunzitsi wopuma kapena wophunzira wa Fomu 4 angapereke ndi lokwanira kuyambira.

Mafunso okambirana

1. Kodi ana a m'mudzi mwathu amapezeka kuti pakati pa 2 koloko ndi 6 koloko? Tchulani malo atatu ndi zoopsa zake.
2. Ngati kwathu kudali kalabu imene idatha, chidaithetsa n'chiyani?
3. Ndi anthu ati a m'dera lathu amene ali ndi luso loti angaphunzitse achinyamata? Ndani akawapemphe, ndipo liti?
4. Ndi mawu ati amene timalankhula omwe angapweteke mwana amene adabadwa ndi kachilombo? Tinganene chiyani m'malo mwake?
5. Mwana atatiuza lero kuti wagwiriridwa, tingapite naye kuchipatala chiti, ndipo tingayende bwanji kuti tikafike maola 72 asanathe?
6. Ndi ntchito ziti zapakhomo zimene zimalepheretsa atsikana kubwera ku kalabu, ndipo makolo tigwirizana zotani?